Chumuni cha Asiya

Makani ndinatengera kwa bambo anga, a Ambrose, ndipo sindichita nawo manyazi. Iwo anali mmisiri womanga nyumba. Anachokera kwa Nsamala ku Balaka akadali mnyamata, kutsata ntchito yomanga mabalani a fodya kuno ku Machinga, mpaka anakhazikika m'mudzi wina kumtunda kwa doko lathu la panyanja ya Chiuta. Ine anandibatiza Dorica. Nditakwatiwa ndi Che Sabiti, msodzi wa padoko pano, ndinalowa Chisilamu n'kukhala Asiya. Tsiku limenelo bambo analumbira kuti sadzalowa m'nyumba mwanga, ndipo kanthu kochokera kwa ine sikadzalowa m'kamwa mwawo. Amayi ankandiyendera mozemba mpaka pamene anamwalira, koma bambo mawu awo anawasunga ndithu.

Ndiye inabwera njala ija ya 2002. Amene munaiona simukufuna kuuzidwa. Anthu ankawiritsa mango osakhwima, ena kusinja zitsinde za nthochi, madeya omwe kale tinkapatsa nkhuku n'kusanduka chakudya cha alendo. Chaka chimenecho ndani akanamanga nyumba? Anthu ankachita kuzula malata padenga kukasinthanitsa ndi chimanga. Mmisiri analibe womuitana.

Ife a padoko tinali ndi kamwayi pang'ono. Kuseri kwa nyumba ndinali ndi kakhitchini ka njerwa, m'katimo muli uvuni wowambira nsomba, pamwamba pake chumuni chotulutsa utsi, moti ngakhale mvula ivumbe tsiku lonse ine ndinkawamba. Milamba yowamba ija anthu a tsidya ku Mozambique ankabwera pamabwato kudzasinthanitsa ndi makaka, chinangwa chouma chija. Sikunali kukhuta ayi, koma ana anga ankagona atalawa kanthu.

Nkhani za bambo ankandibweretsera ndi Mai Ida, oyandikana nawo nyumba, omwe ankandigulitsa nkhuni. Ndinawapatsira makaka m'kansalu kuti akawapatse. Mawa lake kansalu kaja kanabwerera, mfundo yake ili yomwe ndinamanga ine. Ati ndiuzidwe kuti a Ambrose si wopemphetsa. Ku parishi anayamba kuphikira okalamba phala, bambo n'kukana kupitako. Ati holo imene ija anamanga ndi iwo kuyambira pa maziko, ndiye lero akaime pamzere m'menemo ndi mbale m'manja? Mai Ida akawapatsa masamba a maungu ankalandira pokhapokha atawakonzera kaye khoma la bafa, ndipo khoma la bafa silingakonzedwe tsiku ndi tsiku. Kenaka tsiku lina Mai Ida anatula nkhuni zawo osandiyang'ana kumaso, n'kundiuza kuti miyendo ya bambo yayamba kutupa, moti ukadina ndi chala pamatsala dzenje. Ndinachita mantha kwambiri, chifukwa chaka chimenecho tonse tinkadziwa kumene kutupa kotero kumathera.

Ndinakhala pansi kuganiza, mkwiyo uli tho. Munthu wamkulu kufa ndi njala, mwana wake ali ndi makaka m'nyumba, chifukwa cha kunyada basi! Koma ine bambo anga ndimawadziwa. Panali chinthu chimodzi chomwe sankachitsutsa: mmisiri akamagwira ntchito pakhomo pa munthu, amadya pompo. Chakudya chimenecho iwo sankachiyesa chifundo kapena mphatso. Ankati ndi mbali ya ntchito, ngati mchenga ndi madzi, ndipo mwini nyumba woiwala kuphikira mmisiri ankamunena mpaka kumsika wa ku Ntaja. Chomwe chinkasowa chinali ntchito yokha.

Masana ena kunabwera chimvula cha mphepo, chija chothamangitsira aliyense m'nyumba. Ine ndinatenga munsi, ndinakwinda chitenje, n'kukwera padenga la khitchini. Chumuni chija anatimangira ndi mmisiri wina wotchipa, ndi matope wamba, moti sichinalimbe n'komwe. Nditachigogoda kangapo, mizere ya njerwa ya pamwamba inagumukira pansi. Mvula itakata ndinatuluka n'kuyamba kudandaula mokweza kuti anansi amve, kuti hii, mphepo iyi itimaliza chaka chino.

Ndinawatuma Mai Ida kuti akangotchula kwa bambo, ngati nkhani wamba, kuti mphepo yagwetsa chumuni kwa Asiya koma waitana kale Bizwick. Bizwick ameneyu anali dakaboyi wawo kale, wowapondera matope, yemwe anangoti atagula levulo yoyezera kuwongoka kwa khoma basi n'kudzitcha mmisiri. Ndinati awonjezerenso kuti padoko anthu akuti masiku ano dzanja la Bizwick likuwongoka kuposa la amene anamuphunzitsa. Linali bodza lamkunkhuniza, Bizwick ngakhale khola la nkhuku limamupendekera, koma ndinadziwa pamene pakawawe.

M'mawa mwake ndinawaona akutsika njira ya kudoko, kathumba ka zida kali paphewa. Jekete inkangolendewera ngati yapachikidwa pamsomali. Nsapato sanamange zingwe chifukwa mapazi sankakwana. Mtima wanga unasweka, koma nkhope ndinaiumitsa. Sanadzere kumaso kwa nyumba, anazungulira cha kumpanda mpaka kuseri, n'kuima poyang'ana m'mwamba.

"Mayi, eni ntchitoyi ndi inu?"

"Ndi ine, a mmisiri."

Ndiye tinayamba choncho, iwo mayi, ine a mmisiri, ngati takumana pamsika. Anayamba ndi kunyoza amene anamanga chumuni chija, kuti anali wakhungu kapena woledzera, kuti khosi lake ndi lopapatiza n'chifukwa chake nsomba zanga zimada, kuti chonsecho chiyenera kutsika mpaka pakamwa pa uvuni. Ine m'mtima ndinati nyozani, a mmisiri, bola ntchito italike. Anafuna dothi la pachulu, osati la m'dambo. Wowathandiza analibe, ndiye ndinavula masilipasi n'kulowa ndekha m'matope kuponda, ntchito yomwe ndinkawagwirira ndili kamtsikana. Ndinaona kuti andiyang'ana mapazi kawiri.

Dzuwa litafika pamutu ndinabwera ndi phala lolimba la makaka ndi mutu wa mlamba. Ndinaika mbale panjerwa, madzi osamba m'manja pambali, n'kuchokapo osayankhula. Ndinakabisala kuseri kwa mpanda wa bango kusuzumira. Anaiyang'ana mbale ija nthawi yaitali, mpaka ndinayamba kutukwana chamumtima. Kenaka anasamba m'manja, anachita chizindikiro cha mtanda, anafulatira nyumba yanga, n'kuyamba kudya. Ndinalira, sindikubisa, koma ndinalirira m'chitenje kuti asamve.

Kuyambira pamenepo ine ndinasanduka dakaboyi waulesi kuposa onse a m'Machinga. Lero dothi latha ndipo chulu chili kutali. Mawa matope ndathira madzi ambiri, tidikire aume. Mkuja njerwa zina zasowa, kaya ana azitengera kuti. Ankandikalipira kuti mayi, inu ntchito simuidziwa, ine n'kumavomera kuti zoonadi a mmisiri, tikhululukireni. Ntchito ya masiku ochepa inadutsa sabata, ndipo tsiku lililonse mbale inkabwerera yoyera. Miyendo inayamba kuphwa. Mawu anabwerera, moti akamandikalipira asodzi ankamva ali kudoko, ndipo ine kukalipa kumeneko kunkandikomera ngati nyimbo.

Koma chumuni si sitima, chimatha. Anamaliza, anayatsa udzu mu uvuni, utsi unakwera mowongoka bwinobwino. Malipiro tinapangana kamtolo ka milamba. Ndinaunjikamo ina mwakabisira, iwo anaichotsa n'kuisiya panjerwa. Yomwe anatengayo, ndinamva kwa Mai Ida, theka anagawira ana a pamudzi. Pasanapite nthawi anali atabwerera pa madzi otentha ndi mchere.

Chimanga m'minda chinali chisanamasule n'komwe ngayaye. Ndinadikira mvula ina ya mphepo koma kumwamba kunangoti mbee, ndipo ine ndinalibe nthawi yodikira mitambo. Masana ena, anthu ali kunyanja, ndinasiya kusinja makaka n'kukwera ndi munsi womwewo. Apa ndiye ndinadziwa kusiyana kwa mmisiri ndi mmisiri. Matope okhaokha, koma ndinachita kutuluka thukuta kuti mizere ya pamwamba igwe.

Ulendo uno sipanafunike dzina la Bizwick. Atangomva kuti chumuni chomanga iwo chagwa anabwera okha, akupuma mwabefu. Anazungulira khitchini, anayang'ana mitengo ya nthochi yomwe inali chiimire masamba ake osang'ambika, kenaka anatola njerwa imodzi. Pakati pake panali kadzenje kozungulira, m'kadzenjemo muli mbuu ufa woyera. Anaukhudza ndi chala n'kulawa.

"Mayi, mphepo ya kuno imasinja makaka?"

Anandiuza kuti ndawasandutsa chidole, kuti mbale zonse zija anadya ngati galu woponyeredwa, kuti padoko ponse anthu akuwaseka. Ndinati palibe akuseka, palibenso akudziwa, koma anali atatembenuka kale.

Ndinayesa kuti zathera pamenepo. M'mawa mwake ndinangoona akubwera, kumbuyo kwawo Mai Ida atasenza theka la thumba la simenti, nkhope ili pansi ngati akupita kumaliro. Simenti imeneyo ndinkaidziwa. Anaigula njala isanayambe kuti akadzakolola adzamange chiliza pamanda a amayi, ndipo anaikulunga m'mapulasitiki n'kuisunga pathandala. Anthu anawalonjezapo chimanga kuti awagulitse, iwo kukana.

Tsiku limenelo sanandilole kukhudza chilichonse. Mchenga anasefa okha, kusakaniza okha, kukwera makwerero okha, akupumira panjira ngati nkhalamba yokwera phiri. Ndinaika mbale panjerwa monga mwa masiku onse. Inakhala pamenepo mpaka ntchentche zinatopa nayo. Dzuwa likupendeka anatsika, anapukuta mpeni wawo womangira, n'kundiyang'ana m'maso koyamba chichokereni ine pakhomo pawo.

"Iyi ndi simenti ya chiliza cha amayi ako. Gwetsanso tione."

Anapita akudzandira, osacheuka.

Kunena zoona anandigonjetsa. Ndinkati ndikatuluka kuseri n'kuyang'ana m'mwamba, ndinkaona amayi anga. Chumuni chinkakoka utsi bwino kwambiri, milamba inkatuluka yofiirira mokongola, a ku Mozambique n'kumailimbirana, koma ine zonsezi sizinkandikondweretsa. Che Sabiti anandiuza kuti ndayesetsa, Mulungu waona, ndiwasiye madalawo ndi mtima wawo. Ndinawayankha zomwe sindingabwereze pano, ndipo iwo, poti ndi munthu wofatsa, anangonyamula nkhafi yawo kupita kunyanja.

Patapita masiku Mai Ida anabwera opanda nkhuni. Anati bambo anagwa panjira ya kumjigo, anthu anachita kuwanyamula. Anati tsopano kutupa kwafika m'mawondo, ndipo pakhomo amatulukira chokwawa. Anati ngakhale masamba awo a maungu akuwakana, ati Mai Idawo nawonso anali m'chiwembu.

M'mawa womwewo Che Sabiti anakocheza bwato lodzaza milamba, yoti chiyambire chaka sitinaioneko. Ana ankavina padoko. Nsomba zonsezo zinkafuna uvuni tsiku lomwelo, poti nyengo ya mvula mlamba sudikira munthu. Ndinayang'ana nsomba, ndinayang'ana chumuni. Kenaka ndinapita kwa okhoma mabwato kukabwereka nyundo yaikulu ija.

Ulendo uno sindinabisale. Dzuwa lili phwee, anthu ali yakaliyakali padoko, ndinaika makwerero. Che Sabiti anathamanga n'kugwira makwerero aja, kundichonderera kuti tiwambe kaye nsombazi, ndidzagwetse mawa, ana adya chiyani sabata yamawa. Zinali zomveka, sindikana. Koma ndinawauza kuti milamba m'nyanjamo ikuswanabe, pamene bambo ndili nawo amodzi, ndipo za mawa lawo palibe angandilonjeze. Anandiyang'ana, n'kunena kuti ndinedi mwana wa a Ambrose. Makwerero sanawasiye, anangowagwiritsa kuti ndisagwe.

Simenti ija inali itagwira, abale. Nyundo inkangodumpha, m'manja mwanga munatuluka matuza mpaka anaphulika. Amayi ena pansi ankati Asiya wapenga, ena ankati wagwidwa ndi majini. Ndinkamenya ndikulira, ndikuwapepesa amayi anga, kenaka n'kumenyanso. Mapeto ake chinang'aluka. Chibuma china chinaboola denga n'kugwera mu uvuni, n'kupinda mawaya owambira. Ntchito ya milamba inathera pomwepo. Ina anansi anatiwambira pamoto wapanja n'kutengapo gawo lawo, yambiri inawola, ndipo sabata yotsatira ana anga anagonadi ndi njala. Zimenezo ndinazidziwa ndisanakwere.

Ndinasankha chibuma chachikulu, njerwa zingapo zogwirana ndi simenti, ndinapinda nkhata n'kusenza. Ndinayenda nacho njira yonse yokwera kumudzi kwa bambo, khosi likuchita kulira. Ndinawapeza atakhala pakhomo, atatsamira chitseko, miyendo atatambasula ngati mitsuko iwiri. Ndinachitula pamapazi pawo kuti thi.

"Ababa, chumuni chagwa."

Anachiyang'ana chibuma chija. Anatambasula dzanja n'kusisita simenti ija ndi zala, pang'onopang'ono. Atayankhula, mawu anali ang'ono.

"Wagwetsa amayi ako."

"Amayi ndinawaika kale, ndipo simenti sakuifuna. Koma inu chaka chino sindikuikani. Mukamanga ndigwetsa. Mukamanganso ndigwetsanso, mpaka chimanga chiche m'munda. Tione atope ndani."

Ndinaona mkwiyo ukuwakwera, ndipo ndinakondwera, chifukwa munthu wokwiya ndiye kuti akadalipo. Anagwira mphuthu ya chitseko kuti aimirire, mwina kuti andimenye, mwina kuti akatenge zida, sindikudziwa. Anadzuka theka, mawondo anakana, anabwerera pansi. Anayesanso, chimodzimodzi. Kenaka anangokhala, akuyang'ana mapazi awo.

"Dorica, sindingakwere."

Dzina limenelo ndinali nditaiwala mmene limamvekera m'kamwa mwawo. Likanandifooketsa ndikanalola, koma ndinadziwa kuti ndikangogwada n'kuyamba kulira nawo, basi, tiwaika. Ndiye ndinawauza mouma kuti kukwera ndikwera ndine, iwo akakhale pansi azikandilozera ndi kunditukwana, poti ntchito yaikulu ya mmisiri ndi imeneyo. Ndinati akakana ndikamutenga Bizwick lero lomwe, ndipo ulendo uno si bodza.

Nditacheuka ndinapeza Che Sabiti ataima potero ndi njinga. Ananditsatira osandiuza, nsomba zawo atazisiya m'manja mwa anthu. Bambo anali asanawapatsepo moni chikwatiranireni ife. Che Sabiti ananjuta pansi mwaulemu n'kunena kuti a mmisiri, galimoto yafika. Pamene tinkawanyamula bambo sanakane. Anangoti tisaiwale levulo ndi chingwe. Tinawakhazika pakaliyala, Che Sabiti akukankha, ine nditawagwira kumsana, ndipo msana umenewo unali mafupa okhaokha.

Tinayamba tsiku lomwelo. Tinawakhazika pamthunzi wa khitchini, pamtondo wogadabuza, chidebe cha matope chili pambali. Iwo ankapaka matope panjerwa ndi mpeni wawo, kupatsa Che Sabiti, Che Sabiti kundipatsira ine pamwamba. Pakamwa pokha ndiye sipanatupe. Ati ndikuika njerwa ngati ndikuyanika matemba. Ati mfundo za njerwa zisamayang'anizane, kodi ndinakulira kuti. Ati mwamuna wanga ali ndi manja ogwira nkhafi basi. Itakwana nthawi ndinatsika, ndinaika mbale panjerwa, n'kukweranso osayang'ana. Ndili pamwamba ndinamva madzi akukhavukira pansi, akusamba m'manja. Anadya pang'onopang'ono, akupumira, ndipo nyumba yanga sanaifulatire, kaya poti kutembenuka kunali kovuta, kaya chifukwa china.

Vuto linali lakuti ine ntchitoyi ndinkaidziwa ndithu, ndipo pamaso pawo sindikanathanso kuchita ulesi wabodza. Pofika madzulo a tsiku lotsatira chumuni chinali chitatsala mizere yowerengeka. Nyundo ndinali nditabweza, manja anali zilonda, ndipo sindinkadziwa ngati ana anga angapirirenso sabata ina yotero. Anandiuza kuti ndiike levulo. Ndinaika mbali iyi, kathovu ka m'levulomo kanakhala pakatikati, kusonyeza kuti chawongoka. Ndinaika mbali inayo, chimodzimodzi. Ndinawauza choncho.

Anakweza mutu n'kuyang'ana chumuni chija nthawi yaitali, diso limodzi atatsinzina. Kenaka anayang'ana cha kuminda, kumene chimanga chinali chitangoyamba kubereka ana.

"Chapendekeka," anatero. "Gumula mpaka pakhosi, mawa tiyambirenso."

Ndinayang'ananso levulo ija. Kathovu kanali pakatikati penipeni. Che Sabiti anatsegula pakamwa kuti anene kuti iwo akuchiona chowongoka, ndinawaponyera diso, anatseka. Ndinati pepani a mmisiri, dzanja langa ndi lachilendo. Ndiye ndinayamba kuchotsa njerwa zija imodziimodzi, mosamala kuti zisasweke, poti ndinadziwa kuti tizigwiritsa ntchito kambirimbiri.